Pa 1 Epulo, Akuseka Ndani, Akulipira Ndani?

Pa 29 Malichi 2021, patsamba la intaneti la nthambi ya ku America ya kampani ya Volkswagen panaoneka chikalata chonena kuti dzina lake lisintha n'kukhala Voltswagen, posonyeza kuti mtima wake tsopano uli pa galimoto zoyendera magetsi. Atolankhani anachita zimene ntchito yawo imafuna: anafunsa akuluakulu a kampaniyo ngati nkhaniyo inali yoona. Anawayankha kuti inde. Mawa lake kampaniyo inatulutsa chikalata chotsimikiza. Associated Press, USA Today ndi CNBC anailemba monga nkhani yeniyeni, ndipo mtengo wa masheya a kampaniyo unakwera. Tsikulo lisanathe, a Volkswagen anaulula kuti inali nthabwala ya pa 1 Epulo, tsiku limene anthu amanamizana mosewera, yofuna kutchukitsa galimoto yatsopano ya ID.4. Patapita masabata ochepa kunamveka kuti bungwe la SEC, loyang'anira msika wa masheya ku America, layamba kufufuza.

Kodi nthabwala ya pa 1 Epulo inkafuna chiyani pa 29 Malichi? Munthu akakufunsa ali duu kuti "kodi zimenezi n'zoona?", iwe n'kuvomera, zimenezo zidakali nthabwala kapena ndi bodza basi? Ndipo mwa makampani onse, n'chifukwa chiyani achite zotere ndi a Volkswagen, amene mu 2015 anavomera kuti anaika m'galimoto za dizilo pafupifupi 11 miliyoni pulogalamu yonamiza makina oyeza utsi? Pamsonkhano umene anagwirizana zimenezi, palibe ngakhale mmodzi amene anakumbukira?

Ife sitidana ndi kuseka. Makampani ena anachitapo nthabwala zokoma, zimene anthu amazikumbukirabe ndi chimwemwe. Mu 1998 a Burger King analipira tsamba lathunthu m'nyuzipepala ya USA Today kulengeza za chakudya chawo cha Whopper cha anthu amanzere. Ankati zonse za mkati ndi zomwezija, kungoti azitembenuza madigiri 180 kuti zikomere wodya ndi dzanja lamanzere. Anthu anapitadi kukachifunsa. Kodi anataya chiyani? Palibe. Chakudyacho n'chozungulira, ndipo aliyense amene anaima kamphindi n'kuganiza anaona yekha kuti akunamizidwa, n'kudziseka. Ndi mmenenso zinalili mu 1957 pamene BBC inaonetsa banja la ku Switzerland likuthyola supageti m'mitengo, komanso mu 1977 pamene The Guardian inalemba masamba asanu ndi awiri a dziko lopeka la San Serriffe, makampani ngati Kodak ndi Guinness n'kulowa nawo m'masewerawo ndi malonda awo. Bodza lake linali lalikulu moti linkadziulula lokha.

Kwathu kuno timadziwa kuti asuweni amanyozana mpaka wina kulengeza pagulu kuti mnzake ndi mbala, koma palibe amene amapsa mtima, chifukwa onse awiri akudziwa ubale wawo ndipo wonyozedwayo ali ndi ufulu wobwezera. Nanga pakati pa kampani ndi kasitomala pali chisuweni chotere? Kampani ili ndi dzina lako, nambala yako, nthawi zina ngakhale njira yolowera kuakaunti yako ya kubanki. Iwe uli ndi chiyani choti ubwezere? Unavomera liti kuti azisewera nawe?

Taonani zimene a Deliveroo, kampani yoperekera chakudya m'makomo, anachita ku France pa 1 Epulo 2021. Anatumizira makasitomala ambirimbiri uthenga wotsimikiza kuti aitanitsa mapitsa 38, pamtengo woposa mayuro 450. Anthu anadzidzimuka, ena anayamba kuimbira mabanki awo poganiza kuti akuba alowa m'maakaunti mwawo. Kampaniyo inapepesa. Koma kodi amene analemba uthengawo anaganizira mayi amene ndalama yokhayo ya lendi ili m'akaunti imeneyo? Aliyense amene walandirapo pafoni uthenga wa akathyali uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi akudziwa mmene mtima umagundira pa nkhani ya ndalama. Makampani amene tsiku ndi tsiku amatichenjeza kuti tisakhulupirire uthenga wachilendo, angayambe bwanji iwo eni kutumiza uthenga wabodza wokhala ndi chizindikiro chawo chenicheni? Mawa akatumiza chenjezo loona, tidzalisiyanitsa bwanji?

Mu 2016 a Google anapitirira apo. Mu Gmail anaika batani latsopano pafupi ndi batani lotumizira kalata. Ukalidina, kalata yako inkapita ndi kachithunzi ka chidole cha Minion chikuponya maikolofoni pansi, ngati kunena kuti nkhani yatha, ndipo mayankho a anzako sunkawaonanso pamalo awo a nthawi zonse. Anthu anadina mosadziwa. Ena anadandaula kuti kachidoleko kanapita kwa mabwana awo ndi kwa amene ankafunsirako ntchito. Google inachotsa batanilo patangopita maola ochepa n'kupepesa. Koma kalata yotumizidwa siibwerera. Amene ankalemba kalata yopepesa maliro, kachidole n'kupita nawo limodzi, kupepesa kwa Google kunamuthandiza chiyani? Chida chimene munthu amapezera chakudya cha ana ake si malo oyeserapo nzeru za anthu otsatsa malonda.

Pali ena amene amalipira mwakachetechete, ndipo sitimawawerengera n'komwe. Mu 1996 a Taco Bell analengeza m'nyuzipepala zikuluzikulu, kuphatikizapo The New York Times, kuti agula Liberty Bell, belu la ku Philadelphia limene Aamereka amalilemekeza monga chizindikiro cha ufulu wawo, ati pofuna kuthandiza boma kubweza ngongole. Nthabwalayi imatamandidwa mpaka lero m'mabuku a zamalonda. Koma amene anakhalira kuyankha mafoni a anthu okwiya m'mawa wonse anali ogwira ntchito m'boma osamalira belulo, osati a Taco Bell. Anawafunsa kaye? Masana kampaniyo inaulula, n'kulonjeza madola 50,000 osamalira belulo. Kodi ndalamayo inali mphatso kapena chipukuta misozi?

Chimene chimakoka makampani n'chodziwikiratu. Nthabwala ikagwira, nyuzipepala, mawailesi ndi anthu a pa Facebook amalengeza dzina lako ulele. Nthawi zina pamatulukanso kanthu kabwino: masewera ofunafuna Pokémon pa Google Maps a pa 1 Epulo 2014 ndiwo anatsegula njira ya masewera a Pokémon Go a mu 2016. Koma phindu limeneli lili ndi mtengo umene tonse timasonkherana. Pa 1 Epulo 2004 a Google anakhazikitsa Gmail yeniyeni, yokhala ndi malo osungira makalata okwana gigabaiti imodzi pamene ena ankapereka timamegabaiti tochepa, ndipo anthu ambiri anati n'zonama. Tafika poti tsiku lathunthu pachaka choonadi chimayamba chakayikiridwa. Pa 1 Epulo 2018 Elon Musk, mkulu wa Tesla, analemba pa Twitter kuti kampaniyo yagwa, ndalama zatheratu, pa nthawi imene kampaniyo inalidi m'mavuto opanga galimoto zake za Model 3. Wogwira ntchito pafakitale amene anawerenga zimenezo anayenera kuseka?

Ena anaona okha. Mu 2019 mkulu wa zotsatsa malonda ku Microsoft, Chris Capossela, analembera ogwira ntchito kuti asachite nthabwala zapagulu pa tsikuli, chifukwa phindu lake n'lochepa pomwe chiopsezo cha mbiri yoipa n'chachikulu. Mu 2020 Google inasiya nthabwala zake polemekeza amene ankalimbana ndi mliri wa Covid-19. Anachita bwino. Komatu ngati anazindikira kuti nthabwala imapweteka pamene anthu ali pa mavuto, ndi chaka chiti chimene kulibe munthu amene ali pa mavuto? Kasitomala wodwala, wofedwa, wochotsedwa ntchito alipo chaka chilichonse, ndipo uthenga wotumizidwa kwa anthu miliyoni umamufikira iyenso.

Funso lina tilipereke kwa ife eni a m'manyuzipepala ndi m'mawailesi. N'chifukwa chiyani chaka ndi chaka timasonkhanitsa mabodza a makampani n'kuwalemba ulele, pamene malo omwewo tikanawagulitsa kapena kuikapo nkhani yoona? Nkhani ya Voltswagen itaululika, a Associated Press ananena poyera kuti anatsimikiziridwa mobwerezabwereza zinthu zabodza, ndipo anakonza nkhani yawo. Wolankhulira kampani amene wanamiza mtolankhani dala pa 30 Malichi, pa 2 Epulo akadzanena kuti mabuleki a galimoto zawo alibe vuto, tidzalemba mawu akewo popanda kuuza owerenga zimene anachita masiku atatu apitawo?