Mwaye Pamfuti Yonyezimira

Mwa miyambo yonse imene akatswiri olasa chandamale a ku America asunga kuchokera kwa makolo awo, palibe wodabwitsa mlendo ngati uwu wakuti munthu amene walipira ndalama zochuluka kugula mfuti ya m'manja yowala mbee ngati siliva, akafika pabwalo la mpikisano, amayamba wayatsa kanyali ndi kuidetsa dala ndi mwaye. Ku Camp Perry, m'mphepete mwa nyanja ya Erie m'chigawo cha Ohio, kumene mipikisano ya dziko lonselo idayamba kuchitikira m'chaka cha 1907, fungo la nyali zoterezi lidazoloweka kwa mibadwo ingapo ya olasa. Wongoona angati ndi misala, koma ine ndinena kuti m'kachitidwe kameneka muli nzeru yoyenera kuilingalira mofatsa.

Pamwamba pa mfuti yotere pali tizitsulo tiwiri tolunjikira: kamsonga koima kutsogolo pafupi ndi kukamwa kwa mfuti, ndi kampata kosemedwa kumbuyo. Wolasa ayenera kuika kamsongako pakati penipeni pa kampata, mitu yake ilingane, ndipo timipata ta kuwala totsala kumanja ndi kumanzere tikhale tofanana. Popeza diso la munthu silikhoza kuona bwino zinthu zitatu zotalikirana panthawi imodzi, aphunzitsi onse amalangiza kuti lisiye chandamale chioneke mwachimbuuzi, ligwire kamsonga kokha. Tsono ngati kamsongako kali konyezimira, dzuwa likagwa pa iko limadya m'mphepete mwake, kotero kuti mbali imodzi imaoneka yopyapyala kuposa mmene iliri, ndipo wolasa, pokhulupirira diso lake, amasuntha mfuti kuti akonze cholakwa chimene kulibe.

Munthu asayese kuti kuphonya kotere n'kwakung'ono. Ngati tizitsulo tiwirito tatalikirana masentimita 15, ndipo chandamale chili pa mamita 25, kulakwa kwa theka la milimita kumataya chipolopolo pafupifupi masentimita 8 kumbali, pamene pa chandamale cha mpikisano wa mayiko cha mtunda womwewo, bwalo la pakati lopatsa mapointsi khumi ndi la masentimita 5 okha m'mimba mwake.

Vutoli lidakula ndi kubwera kwa chitsulo chosachita dzimbiri. Harry Brearley wa ku Sheffield, amene m'chaka cha 1913 ankafunafuna chitsulo choti mipope ya mfuti isamaperepeseke msanga, ndiye adapeza kuti kusakaniza chromium wochuluka m'chitsulo kumachiteteza ku dzimbiri; koma chitsulo chakecho chidayamba kutchuka pa mipeni ndi mafoloko, ndipo padapita zaka zoposa makumi asanu kufikira 1965, pamene kampani ya Smith & Wesson ya ku Springfield, Massachusetts, idatulutsa Model 60, volovolo yoyamba yopangidwa yochuluka ndi chitsulo chimenechi. Apolisi, asodzi ndi onse ogwira ntchito m'chinyezi ndi m'thukuta adakondwera kwakukulu. Koma walira mvula walira matope, pakuti chromium yemweyo, amene amayala kachikopa kosaoneka kotchinga dzimbiri, amakananso mankhwala odetsera chitsulo wamba, aja amene amapatsa mfuti zakale mtundu wakuda wobiriwira. Mankhwalawo ukawapaka pa chitsulo chosachita dzimbiri amangoyenderera ngati madzi pa tsamba la koko. Ndipo pamene kampani yomweyo idatulutsa Model 66, zoyamba zake zinali ndi tizitsulo tolunjikira toyera ngati mfuti yonse, kufikira opanga adabwerera m'mbuyo ndi kuikamo takuda.

Apa ndipo nyali ya kabaidi imapezera ulemu wake. Timiyala ta calcium carbide tikadonthezedwa madzi timatulutsa mpweya wa acetylene, umene lawi lake, limene lidaunikira anthu a m'migodi zaka zambiri magetsi a pachipewa asanafale, limasiya mwaye wosalala ndi wakuda bii, wosabweza kuwala ngakhale pang'ono. Wolasa amayamba watulutsa zipolopolo zonse ndi kutsimikiza kuti mfuti ili yopanda kanthu, amapukuta mafuta pa tizitsulo tija, kenaka amadutsitsa lawi kanthawi kochepa. Wopanda nyaliyo amagwiritsa ntchito kandulo kapena machesi, ngakhale mwaye wake sufika pa wa kabaidi. Ena amagula wopopera wa m'chitini, monga wa kampani ya Birchwood Casey. Koma amene kamsonga kake kali ndi kapulasitiki kofiira asayandikize moto, chifukwa kamasungunuka.

Mwaye uli ndi chofooka chake, ndicho chakuti suchedwa kuchoka: chala chikaukhudza kapena mfuti ikalowa m'thumba lake lachikopa, ntchito yatha. Chifukwa chake wapolisi kapena mlonda, amene sangayatse kanyali nthawi ya ngozi itafika, amasankha penti wakuda wosawala, wopakidwa pa chitsulo chotsukidwa bwino mafuta, kapena amapita kwa mmisiri wa mfuti kuti alembe timizere topingasa pa kamsonga tomwaza kuwala, kapenanso achotse kamsonga koyerako ndi kukhomerapo kakuda. Chimene sindingavomereze ndi dzanja lofulumira la mwini mfuti amene amatenga tupa yekha, pakuti penti wolakwika amafufutika ndi mankhwala, koma chitsulo chopalidwa sichimeranso, ndipo kamsonga kakafupika pang'ono pokha zipolopolo zonse zimakwera pamwamba pa chandamale.

Palinso otsutsa, ndipo mawu awo ali ndi kulemera. Iwo amati kamsonga kakuda kamaoneka bwino pa pepala loyera masana, koma madzulo, kapena pamene kumbuyo kuli mdima wa nkhalango, kamasochera. Motero amapaka kofiira, koyera kapena kachikasu. Sindikangana nawo, popeza iwonso penti amene amasankha ndi wosanyezimira, ndipo chimene akufuna n'chomwecho chimene wa mwaye akufuna: m'mphepete mooneka bwino, mosanama.

Phunziro limene ndilitola pamenepa ndi lakuti diso la wogula m'sitolo ndi diso la wogwira ntchito pabwalo safuna chinthu chimodzi. Loyambalo limakondwera ndi kunyezimira, ndipo amalonda amalidziwa bwino. Lachiwirilo limafuna choonadi chokha. Chida chimene ntchito yake ndi kulozera diso kwina sichiyenera kudzikokera diso kwa icho chokha, ndipo mmisiri aliyense, kaya apanga mfuti, sikelo kapena chikwangwani cha pamsewu, ayambe wafunsa amene adzachigwiritse ntchito padzuwa, asanafunse amene adzachigulitse pansi pa magetsi.