Magalasi Oonera Mbalame: Tisankhe Otani?

Pa 4 Okutobala Mpingo umakumbukira Francis Woyera wa ku Assisi, amene Papa John Paul II anamuika kukhala nkhoswe ya osamala cilengedwe m'caka ca 1979. N'cifukwa cake mwezi uno ndafuna kuti ticeze za mbalame, makamaka za cipangizo cozionera, cimene cinandidyera ndalama ndisanacidziwe bwino.

Mdzukulu wanga wa zaka 12 anali katswiri wa legeni. Pumbwa kapena njiwa ikatera pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu, sinkacokapo yamoyo. Kukalipa konse kunapita pacabe. Tsiku lina wansembe wina mlendo anamubwereka magalasi oonera kutali, aja ambiri amati mabayinokula, ndipo mwanayo anatha ola lathunthu ku dambo akuyang'ana nanchengwa alikumanga cisa. Pobwera anati, "Ambuya, cisa cija cili ndi khomo ngati nyumba, ndipo amalimata ndi matope!" Madzulo amenewo legeni inagona pa khonde. Pamenepo ndinatsimikiza zomugulira ake.

Pa msika wina mu Lusaka ndinapeza ochipa kwambiri, a maso ofiira ngati makala amoto, olembedwa manambala aakulu. Wogulitsa analumbira kuti ndidzaona ngakhale nsabwe za nkhwazi. Nditafika kumudzi, mbalame imodzi inkaoneka ziwiri, mutu nkumawawa, ndipo mvula yoyamba itagwa m'kati munacita nkhungu. Amai a kunyumba anangoti, "Bambo, ndalama za nshawa zija mwagula nazo litsipa." Ananenadi akulu: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono zimene ndinaphunzira mocedwa ndikupatsani inu msanga.

Coyamba, manambala. Pa magalasi onse pamalembedwa manambala awiri, monga 8x42. Yoyamba ikutanthauza kuti cinthu cimaoneka pafupi kasanu ndi katatu: mbalame imene ili pa mamita 80 ioneka ngati ili pa mamita 10. Yaciwiri ndi kukula kwa diso lakutsogolo, mamilimita 42, ndipo ndilo limasonkhanitsa kuwala. Mukagawa 42 ndi 8 mupeza 5 ndi pang'ono. Kumeneko ndiko kukula kwa kadontho ka kuwala kofika m'diso lanu. Tating'ono ta m'thumba ta 8x21 timapereka kosakwana 3, motero m'mamawa ndi cakumadzulo, nthawi imene mbalame zimayenda kwambiri, timaonetsa mdima.

Musakopeke ndi nambala yaikulu. Imakuza mbalame, inde, koma imakuzanso kunjenjemera kwa manja, ndiponso imacepetsa malo amene mukuona. Kambalame ka m'thengo sikadikira munthu. A 8x42 ndiwo akuyenera ambiri a ife. A 10x42 ndi abwino ku madambo ndi ku nyanja kumene mbalame zimakhala kutali. Kwa mwana, a 8x32 apepukirapo. Aja osinthasintha mphamvu, olembedwa monga 10-30x50, asiyeni pomwepo.

Caciwiri, mtengo. A Swarovski, Zeiss ndi Leica apamwamba amapitirira madola 2,000 a ku America. Ndi okoma ndithu, koma mkhristu wa banja sangagulitse ng'ombe cifukwa ca mbalame. Ochipitsitsa nao ndi odula, pakuti mumagula kawiri, monga ndinacitira ine. Nzeru ili pakati, kuyambira madola 150 kufikira 500 kapena capafupi, kumene kuli mitundu monga Nikon Monarch, Vortex Diamondback ndi Celestron Nature DX. Pa mtengo umenewu mumapeza cithunzi coyera ndi cipangizo cokhalitsa zaka zambiri.

Dziwaninso kuti mapangidwe alipo awiri. Akale aja otambalala mapewa amachedwa Porro, dzina la Ignazio Porro wa ku Italy amene anatulukira kakonzedwe kake m'zaka za m'ma 1850. Enawo ndi oongoka ngati mipope iwiri. Oongoka ndi osavuta kunyamula ndipo ambiri salowa madzi, koma kuwapanga bwino kumadya ndalama. Ngati thumba lacepa, a Porro abwino aposa oongoka acabecabe.

Cacitatu, yesani ndi maso anu musanalipire. Tulukani nao panja, muyang'ane waya wa magetsi kapena mtanda wa pa chalichi. Mukaona ziwiri, kapena maso akayamba kukoka, abwezeni. Werengani cikwangwani cakutali, muone ngati zilembo zili zoyera pakati ndi m'mbali momwe. Kagudumu ka pakati kazungulire mosalala. Pa diso limodzi, kawirikawiri la kumanja, pali mkombero wina wolinganizira maso amene mphamvu zao zimasiyana, uyeseni. Amene timavala magalasi a maso tifunse akuti diso likhoza kutalikira mamilimita 15 kapena kuposerapo nkumaonabe cithunzi conse. Funsaninso ngati salowa madzi ndiponso ngati m'kati anaikamo mpweya wa nayitirojeni, cifukwa cinyezi ca dzinja ndi fumbi la cilimwe ndiwo adani ao kuno kwathu. Pomaliza akolekeni m'khosi: akapitirira magalamu 800 mudzawasiya m'sutukesi.

Cenjezo kwa makolo: mwana asayang'ane nao dzuwa ngakhale kamphindi, pakuti diso likhoza kupsa osaciranso. Ndipo musapukute maso ake ndi malaya. Yambani mwauzira fumbi, kenaka mupukute ndi kansalu kofewa.

Wina afunsa kuti, "Aphunzitsi, ufa ukusowa, inu mukuti tigule zoonera mbalame?" Funsolo n'loona. Cakudya, sukulu ndi mankhwala zitsogole, ndipo pasakhale ngongole kapena kubisirana ndalama m'banja cifukwa ca cinthu cotere. Koma si lamulo kuti aliyense akhale ndi ake. Mphakati, sukulu kapena gulu la acinyamata likhoza kusonkherana, nkugula amodzi abwino obwerekana.

Zoti muone Mulungu anatipatsa zocuruka. Zambia ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 700. Miyezi ino ya Seputembala ndi Okutobala mbalame zofiira zodya njuci zimakumba mauna ao m'magombe a mtsinje wa Luangwa, mazanamazana pamodzi. M'mikuyu ya kufupi ndi Choma muli kambalame koyera, kofiira m'maso, kochedwa Chaplin's barbet, kamene sikapezeka m'dziko lina lililonse. Nkhwazi ya pa mbendera yathu ana ambiri sanaione yamoyo. Pa Mateyo 6:26 Ambuye amatitumiza kwa mbalame kuti zitiphunzitse kusada nkhawa, ndipo Papa Francis m'kalata yake Laudato Si' ya 2015 anatikumbutsa kusamala mudzi wathu wa tonsewu. Munthu sasamala cimene sanaciyang'anitsitse, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ife tinasunga ndalama zaka ziwiri, tinagula a 8x42 a mtengo wapakati. Mdzukulu uja tsopano ali ndi kope m'mene walemba mbalame za pa dambo lathu, ndipo anzake amene ankamutsata ndi malegeni amaima pamzere kudikira nthawi yao.

Ambuye akudalitseni inu ndi mabanja anu. Tidzacezanso mwezi wamawa.