Maganizo a Mkonzi: Wofufuza wa PhD Nayenso Ali ndi Banja

Wophunzira digiri ya PhD si mwana. Kawirikawiri amakhala mayi kapena bambo wapabanja, wolipira lendi ndi fizi ya ana, ndipo kafukufuku wake amatenga zaka zitatu, zinayi, mwinanso kupitirira. Ndalama ya pamwezi imene amalandira ndiyo imamukhazika pansi kuti asamathamangire maganyu.

Kwathu kuno ndalama zotere zimachokera kwambiri kunja. Ku Blantyre, Malawi-Liverpool-Wellcome Programme yaphunzitsa ofufuza zaumoyo. Ku Bunda, World Bank inathandiza LUANAR kukhazikitsa AquaFish, likulu la maphunziro a nsomba. Tikuthokoza ndithu. Koma mwini khasu ndiye amaloza polima, choncho wofufuza mbiri ya Amaravi kapena malamulo a chinenero cha Chilomwe nthawi zambiri amadzilipirira yekha, masana akuphunzitsa, usiku akulemba. Zimenezi zimatiwawa.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, olandira makwacha anaona mabuku ndi maulendo zikukwera mtengo, thumba lawo lili pomwepo.

Tikupempha boma, kudzera ku National Commission for Science and Technology, likhazikitse thumba lathulathu la ophunzira a PhD, ndalama yake izikwera mitengo ikakwera, ndipo ofufuza zinenero ndi mbiri akhalemo.