Nyumba nayo ikhale ndi chiphaso cha mmene imadyera magetsi

Mu Disembala 2020 boma la South Africa lidalamula kuti nyumba zikuluzikulu, monga maofesi ndi sukulu, zizipachika poonekera chiphaso chosonyeza mphamvu ya magetsi yomwe zimagwiritsa ntchito. Nyumba imapatsidwa chilembo, kuyambira A, yosamala kwambiri, mpaka G, yowononga. Ku England chiphaso chotere chimafunika pogulitsa nyumba kapena poichititsa lendi, ndipo kuyambira 2020 nyumba yotsika kuposa E siloledwa kuchititsidwa lendi, kupatula zochepa zololedwa mwapadera.

Ena anganene kuti izi n'za mayiko olemera. Komatu vuto lomwe chiphasochi chimathetsa lilipo ngakhale ku Balaka ndi ku Liwonde. Womanga nyumba ya lendi amafuna kuchepetsa ndalama: amafolera malata osaika siling'i, mawindo amaika ang'onoang'ono, mitengo ya mthunzi nkudula. Dzuwa la Okutobala likafika, wa lendi ndiye amayatsa fani usiku wonse, firiji nayo osapuma, mayunitsi nkutha mwezi usanafike pakati. Wosankha zipangizo ndi wina, wolipira ndi wina. M'malamulo a malonda a Chisilamu wogulitsa sayenera kubisa chilema cha katundu, ndipo nyumba yodya ndalama mwakachetechete ili ndi chilema chomwe wolowamo ayenera kudziwiratu.

Masamu ake ndi osavuta. Babu la mawati 60 likamayaka maola 5 patsiku limadya mayunitsi 9 pamwezi, pamene la LED la mawati 9, lowala mofanana, silifika mayunitsi awiri. Dziko nalonso limapindula. Pamene namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tidataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo mdima udatipeza tonse. Siteshoni ya Phombeya kuno ku Balaka, komwe kukufikira mawaya ochokera ku Matambo m'dziko la Mozambique, ndi chiyembekezo chachikulu, koma magetsi ogula kunja amafuna ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale.

Chenjezo lilipo: chiphaso chodula chingasanduke msonkho wina kwa osauka, kapenanso khomo la ziphuphu. Choncho tiyambe ndi nyumba za boma, mahotela ndi masitolo akuluakulu. MERA ndi Malawi Bureau of Standards angakonze muyeso wosavuta, ndipo makhonsolo, omwe amavomereza kale mapulani, angauphatikize pa ntchito yawo. Muyesowo uganizirenso za kuphika, pakuti mabanja ambiri amadalira nkhuni ndi makala. Chitetezo mbaula ndi khitchini yotulutsa utsi ziwerengedwe.

Lamulo lisanabwere, inu ofuna nyumba funsani: kodi ili ndi siling'i? Mphepo imadutsa? Amene adatulukamo ankagula mayunitsi a ndalama zingati? Eni nyumba akamva mafunso amenewa kawirikawiri, kamangidwe kadzasintha.