Za Moyo wa Cikristu: Mbeu ya Kutsindwi Sidyedwa

Mwezi wa October ukafika m'cigwa ca Luangwa, dzuwa limaomba ngati lakwiya. Mcenga wa m'mbali mwa mtsinje umatentha kuphazi, mbuzi zimangoti wefuwefu pansi pa milambe, ndipo nkhokwe zambiri zimayamba kuonetsa pansi. Iyi ndi nyengo imene mai wa pabanja amayeza ufa ndi dzanja kuti ufikeko tsiku lina. Koma mlendo akalowa m'nyumba yophikira ya mai ameneyu nakweza maso, adzaona ngala za mapira ndi cimanga cosasenda ziri lende kutsindwi, zitada bii ndi utsi. Ana angalire njala cotani, mai sazitsitsa. Imeneyo ndi mbeu.

Palibe amene wamuuza mai uja kuti mvula ya caka cino idzagwa bwino. Njobvu sizinapangane naye kuti zidzalambalala munda wace. Komabe iye amasunga mbeu, cifukwa mtima wace uli kale pa zokolola zimene maso ace sanazione. Munthu wofuna kumvetsa cimene Akristu amacicha ciyembekezo ayambe ndi kuyang'ana kutsindwi kumeneko.

Anthu ena amaganiza kuti kuyembekeza ndiko kukhala pamphasa, dzanja liri patsaya, kudikira kuti Mulungu kapena Boma abweretse thumba la cimanga. Cinenero ca makolo cimaphunzitsa zosiyana ndi zimenezo. Mai wapakati amachedwa woyembekezera. Mwana sanamuone, ngakhale dzina sanamuche, koma moyo wace wonse wasintha kale cifukwa ca mwanayo. Amapita ku sikelo, amasamala zimene akudya, amaunjika nkhuni za masiku a cikuta. Ciyembekezo ceniceni cimagwiritsa munthu nchito lero cifukwa ca cinthu cimene cidzaoneka mawa.

Kwa Mkristu, maziko a ciyembekezo ndi lonjezo la Mulungu ndiponso kuuka kwa Yesu Kristu kwa akufa. Ngati manda, amene ndiwo mapeto a zonse m'maso mwa anthu, anatseguka, ndiye kuti cilala, matenda ndi nkhondo sizingakhale mau otsiriza pa moyo wa munthu. Kalata ya kwa Ahebri imafanizira ciyembekezo ndi nangula. Msodzi wa pa Zambezi safuna womasulira pamenepa, pakuti adziwa kuti bwato losamangirira limagona ku Feira nkudzukira ku Zumbo. Mtima wopanda pougwira nawonso umatengedwa ndi madzi alionse amene abwera.

Dziko la Luangwa lomweli liri ndi mbiri yoonetsa m'mene ciyembekezo cimagwirira nchito. Pa 14 January, 1856, David Livingstone anafika pamene Luangwa amathira m'Zambezi, ali pa ulendo wocokera kumadzulo kupita ku nyanja ya kum'mawa, pamodzi ndi amuna oposa 100. Anthu a Mfumu Mburuma anamuyang'ana ndi diso lokayika, ndipo cifukwa anali naco, popeza alendo ena a khungu loyera anali atawasautsa kale ndi malonda a ukapolo. Usiku umenewo Livingstone anagwidwa ndi mantha, poganiza kuti iye ndi anzace adzaphedwa pooloka. Maganizo anamfikira akuti aoloke mobisa, mdima usanathe.

M'malo mwace anatsegula Baibulo nawerenga mathero a Uthenga wa Mateyu, pamene Yesu alonjeza ophunzira ace kuti sadzawasiya okha masiku onse. Mtima wace unakhala pansi. Anatsimikiza kuti sadzathawa ngati mbala, ndipo anatenga zipangizo zace nayamba kuyeza nyenyezi monga anali kucitira masiku ena onse. Kutaca, amuna a mikondo anasonkhana padooko, ndipo bwato limene anabwerekedwa linali limodzi lokha. Katundu, ng'ombe ndi anthu zinaoloka pang'onopang'ono, iye ali ciriri pakati pa eni dziko, kuwaonetsa wochi yace ndi galasi loyatsa moto ndi dzuwa. Anaoloka potsiriza penipeni, atawathokoza ndi kuwafunira mtendere. Palibe mkondo umene unaponyedwa.

Phunziro la usiku umenewo ndi lalikuru. Lonjezo limene Livingstone anawerenga silinacotse mikondo m'manja mwa anthu. Linacotsa mantha mumtima mwace, ndipo mantha atacoka anatha kucita zinthu poyera ndi mwaulemu. Akadathawa usiku, akadatsimikizira eni dziko kuti analidi munthu woipa, ndipo mwina mwazi ukadakhetsedwa. Zolakwa zambiri za m'mabanja zimacitika motero, pa ora la mantha: kugulitsa ng'ombe yomaliza pa mtengo wa nkhuku, kukwatitsa mwana wa sukulu kuti pakhomo pacepe pakamwa, kuloza nkhalamba cala kuti ndiyo yamanga mvula. Munthu wa ciyembekezo amagona kaye, napemphera, nadikira kuti kuce.

Pa malo omwewo Livingstone anapeza mabwinja a chalichi ca miyala, ndipo pambali pace panali belu losweka lokhala ndi mtanda ndi malemba akuti I.H.S. Izi zinali zotsala za Apwitikizi amene anali kucita malonda ku Zumbo ndi ku Feira m'zaka za m'ma 1700. Dzina lakuti Feira m'cinenero cao litanthauza msika. Aliyense woona belu limenelo akadati mapemphero a Cikristu anathera pomwepo, ndipo sadzamvekanso m'cigwa cimeneco.

Koma dzedzere-dzedzere salingana ndi kugweratu. M'caka ca 1910 dziko la Portugal linacotsa mfumu yace, ndipo boma latsopano linathamangitsa ansembe a gulu la Jesuit m'maiko onse amene linali kulamulira. Ansembe amene anali ku mishoni ya Miruru, kutsidya ku Mozambique, anasiya nyumba, minda ndi nchito ya zaka zambiri. Ena a iwo sanabwerere kwao ku Ulaya. Anaoloka Luangwa nayambanso ndi manja okha ku Kapoche ndi ku Katondwe, ndipo posakhalitsa nchitoyo inapatsidwa kwa ansembe ndi abale ocokera ku Poland. Lero ku Katondwe kuli chalichi, sukulu ya sekondale ya atsikana ndi cipatala cimene asisitere amasamalamo odwala, ena olumidwa ndi ng'ona, ena amai obvutika pobereka, ena ooloka kucokera ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Mwana aliyense wobadwira m'cipatala cimeneco akudya zokolola za mbeu imene anthu othamangitsidwa anakana kuitaya.

Mmodzi wa ansembe a ku Poland amene anabwera pambuyo pace anali Adam Kozłowiecki. Anagwidwa ndi asilikari a Germany m'caka ca 1939, nakhala m'ndende zoopsa za Auschwitz ndi Dachau mpaka 1945. Munthu wotuluka m'malo otere akadatha kukhala ndi mtima wowawa moyo wace wonse. Iye anafika m'dziko lino m'caka ca 1946, nakhala Bishopu Wamkuru woyamba wa Lusaka mu 1959, dera limene Katondwe alimo. Mu 1969 anatula udindo mwa kufuna kwace kuti mwana wa m'dziko muno aulandire, nabwerera ku nchito ya wansembe wa kumudzi. Anamwalira mu 2007, ali m'Zambia momwemo.

Ciyembekezo ca anthu wamba naco cinayesedwa ndi moto. Pa 6 March, 1978, asilikari a boma la Ian Smith la ku Rhodesia anaukira Kavalamanja, kumene kunali msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA. Panafa omenyera ufulu ndi asilikari a Zambia, ndipo eni mudzi anathawa, kusiya nyumba, minda ndi manda a makolo ao. Zimbabwe inalandira ufulu mu April, 1980. Anthu anabwerera, naimikanso mitengo ya nyumba, nalimanso minda yao, ndipo caka ndi caka kumacitika mwambo wokumbukira amene anafa. Kumanga nyumba pamene panagwa mabomba ndi umboni wa ciyembekezo woposa ulaliki uliwonse.

Baibulo lisimba za mneneri Yeremiya, amene anacita cofanana ndi cimeneci. Mzinda wa Yerusalemu unali utazingidwa ndi ankhondo a ku Babulo, iye mwini ali m'ndende, pamene mbale wace anadza kudzamgulitsa munda wa ku Anatoti. Wanzeru za malonda akadakana, pakuti ndani agula munda umene adani aponda kale? Yeremiya anaugula ndi masekeli 17 a siliva, nalamula kuti makalata a mundawo asungidwe mumtsuko wadothi kuti akhale nthawi yaitali. Anali kuonetsa anthu ace kuti m'dziko limenelo mudzalimidwanso. Mtsuko wa Yeremiya ndi tsindwi la mai wa ku Luangwa zisunga cinthu cimodzi.

Masiku ano adani a cigwa ndi ena. Mvula ya 2023 mpaka 2024 inadula cimanga ciri pakati, ndipo pa 29 February, 2024, Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Akuluakuru anakumbukira njala ya 1992. Ku Luangwa, kumene mvula imakhala yocepa ngakhale m'zaka zabwino, bvutoli limadza ndi anzace: njobvu zimatha munda usiku umodzi, mvuu zimalowa m'madimba, ng'ona zimadikira potunga madzi, ndipo caka cina mtsinje womwewo umasefukira nkukokolola zimene dzuwa linasiya.

Kodi ciyembekezo cimaoneka bwanji pakhomo lotere? Cimaoneka mwa bambo amene, cimanga citapsa, amabzala mapira opirira dzuwa, namvera malangizo a alangizi a zamalimidwe. Cimaoneka mwa mai amene amatsikira kudimba madzi ataphwa, nabzala cimanga, maungu ndi ndiwo pa cinyontho ca mtsinje, kapena amaluka mphasa za bango ndi kuyanika masau kuti apeze ndarama ya mcere ndi ya sukulu. Cimaoneka m'mudzi umene amuna amalondera minda mosinthana, ndi moto, zitini ndi utsi wa tsabola, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Cimaoneka pamene wodwala atengedwa msanga kupita ku cipatala, m'malo motaya masiku kufunafuna amene wamlodza. Cimaoneka pamene mtsikana asiyidwa pa sukulu caka ca njala, cifukwa makolo ace aona mwa iye namwino kapena mphunzitsi wa mawa. Nayenso ndi mbeu ya kutsindwi.

Wina angafunse mwacilungamo kuti: nanga aja anapemphera, nabzala, nalondera, koma osakolola kanthu? Nanga mai uja wa m'bungwe la amai a mpingo, amene mwana wace anagwidwa ndi ng'ona? Funso limeneli si la cibwana, ndipo woliyankha mopepuka amalakwira olira. Cikristu sicinalonjeze kuti mvula idzasankha minda ya opemphera, kapena kuti ng'ona idzafunsa za ubatizo. Yesu mwini analira pa manda a bwenzi lace Lazaro, ndipo anafa imfa yowawa asanauke. Lonjezo liri lakuti munthu sali yekha m'masautso, ndi kuti imfa si mwini wace wa munthu. Mneneri Habakuku anati adzakondwerabe mwa Mulungu ngakhale minda ikane ndi makola akhale opanda zoweta. Mtumwi Paulo anaphunzitsa Akristu a ku Tesalonika kuti kulira alire ndithu, koma kulira kwao kusafanane ndi kwa anthu opanda ciyembekezo.

Apa ndi pamene mpingo uli ndi nchito yace. Munthu wosweka mtima kawirikawiri sangathe kuyembekeza yekha, ndipo anzace ayenera kumsungira ciyembekezo mpaka mphamvu zace zitabwerera. Amai amene amagona pa maliro, anyamata amene amafolera nyumba ya wamasiye, mnansi amene amagawako mbale ya mbeu kwa amene njala inamdyetsa yace, onsewa ndiwo manja amene lonjezo la Mulungu limafikira nao pakhomo. Mpingo umene umaimba bwino Lamulungu koma osadziwa nyumba imene yagona ndi njala Lolemba sunayambe kuphunzitsa ciyembekezo. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Akuluakuru anati sunga khosi mkanda uoneke. Khosi la banja ndi mbeu, ana, thanzi, mtendere ndi anansi, ndiponso cikhulupiriro. Izi siziyenera kugulitsidwa kapena kutayidwa m'mwezi wa njala, ngakhale mimba ilire cotani. Mitambo ikayamba kuunjikana kumapiri, mai uja adzakwera pa mtondo, nadzatsitsa ngala zakuda ndi utsi, nadzazipukusira m'licero. Adzatuluka ndi khasu m'mamawa, ana ali pambuyo pace, osadziwa ngati caka cidzakoma kapena ai, koma podziwa Amene anamlonjeza kuti sadzamsiya. Akatero adzawerama, nadzabzala phando loyamba.