Mapanga awiri savumbwitsa nthawi zonse

Tsiku limene ndinafika kwathu kwa Njombwa ndi digiri m'chikwama, bambo anga anadikira kuti alendo amwazikane kaye, kenaka anandiitanira kuseri kwa chigafa. "Tandiuza mwanawe," anatero, "anthu akandifunsa ndiziti chiyani? Kujoni kuja unakaphunzira umakaniko kapena ukalaliki?" Ndinawayankha kuti zonse ziwiri. Iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Funso lomweli ndakumana nalo kambirimbiri m'tauni muno, ngakhale kwa anthu ovala mataye amene ndimayesa kuti angamve msanga. Tsono lero ndati ndiyankhe pagulu, poti pakati pa inu awerengi pali ophunzira amene akusankha maphunziro, komanso amalonda amene akukhetsa thukuta kulipirira ana awo. Maganizo anga ndi akuti dziko lino lazunzika mokwana ndi mainjiniya osadziwa mtengo wa chinthu chimene apanga, ndiponso eni mabizinesi osadziwa chimene chikulira m'makina amene agula.

Ndinapita ku South Africa mu 2019 kukachita maphunziro amene amati industrial engineering. Mwachidule, m'mawa timalimbana ndi zitsulo, magetsi ndi masamu monga injiniya wina aliyense, masana n'kulowa m'kalasi ya kawerengedwe ka ndalama, kayendetsedwe ka fakitale ndi kagulidwe ka katundu. Chimene chinandipeputsira mtolo ndi pangano la mayiko a SADC pa za maphunziro, lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 1997, lonena kuti wophunzira wa m'chigawo chino azilipira fizi ngati mwana wa dziko limene akuphunziramo. AMalawi ambiri sadziwa n'komwe za panganoli. Komabe musanyengeke. Ndalama ya chiphaso, ya chipatala, ya nyumba ndi ya ndiwo n'za m'thumba mwako, ndipo zonsezo n'za marandi. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imene abale amasonkha kumudzi imandipeza itafota ngati tsamba la fodya. Za kutchedwa makwerekwere, ndi za zipolowe za ku Johannesburg mu September 2019 pamene tinabindikira m'chipinda masiku angapo, sindichulutsa gaga m'diwa. Amene muli ndi abale kujoni mukuzidziwa.

Nkhani imene ndikufuna muimve bwino inachitika m'chaka chachitatu. Aliyense anauzidwa kuti akonze pulani ya makina othandiza anthu akwawo, ndipo awerengerenso ndalama zake. Ine, mwana wa mlimi wa fodya wa bale, sindinaganize kawiri. Ndinakula ndikuona amuna akulimbana ndi jeke yodindira fodya, kuzunguza chitsulo mpaka manja kuchita matuza, kuti belo lituluke lolimba lopita ku okushoni ku Chinkhoma. Ndiye ndinajambula jeke ya mafuta, yoti ngakhale mayi wokalamba n'kudinda belo ndi dzanja limodzi. Masamu onse analondola. Kunena zoona ndinadzimva kuti ndafikapo.

Mphunzitsi wathu, mayi wina wosachedwa kulankhula, sanayang'ane n'komwe zojambulazo. Anangondiponyera mafunso atatu. Adzagule ndani? Pachaka idzagwira ntchito masabata angati? Nanga kalabala kotseka mafuta kakadzang'ambika, mlimiyo akakagula kuti? Ine kukamwa yasa! Anandibwezera pepala lija n'kundiuza kuti ndikafunse munthu wodziwa.

Munthu wodziwayo anali bambo anga omwewo, amene sukulu anailekezera ku pulayimale. Ndinawaimbira foni usiku umenewo, ndipo anayamba aseka kaye. "Iwe, ndani anakuuza kuti mlimi amagula jeke? Jeke amagula munthu mmodzi, enafe timabwereka n'kumalipira pa belo. Ikatha miyezi yodinda imangokhala pakhonde nkhuku n'kumaikira pansi pake. Yakoyo ikafa pakati pa sizoni, lole ili pamsewu kudikira mabelo, ndithamangire ku Lilongwe kukasaka kalabala? Yachitsuloyi ikathyoka, mnyamata wowotcherera pa Chinkhoma amailumikiza tsiku lomwelo."

Tangoganizani abale. Zimene bambo anandiuza pa mayunitsi ochepa amenewo n'zomwe zinali m'buku lonenepa limene timaloweza: wogula weniweni ndani, makina abweza liti ndalama yake, ndipo ukataya zingati tsiku limene makinawo aima. Iwo mawu a Chingerezi sawadziwa, koma nkhaniyo amaidziwa kuyambira m'zaka zoyambirira za m'ma 1990 pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, fodya amene kale anali wa eni maesiteti okha. Ndinang'amba pulani ija n'kuyambiranso. Jeke yachiwiri inali yachitsulo yomwe ija, kungoti ndinatalikitsa chogwirira, ndinasintha mazinga ake kuti isamalimbe pozunguza, ndipo chitsulo chilichonse chinali choti n'kuchipeza pa Kasungu boma. Inali yosaoneka bwino, moti anzanga a m'kalasi anaiseka. Koma imeneyo ndiyo inakhoza.

Wina anganene kuti imeneyo ndi nkhani ya jeke chabe. Chabwino, tiyeni ku chipatala. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kunayesedwa makina otchedwa Pumani, othandiza kupuma ana obadwa masiku asanakwane, amene anakonzedwa ndi ophunzira ndi aphunzitsi a Rice University ya ku America mogwirizana ndi madokotala a kuno. Makina a mtundu umenewu analipo kale m'mayiko olemera, vuto linali mtengo. Iwo anayambira pa funso la ndalama, mpaka oyambirirawo anawapanga ndi timapampu topopera mpweya m'madzi oweteramo nsomba za m'nyumba. Mtengo unatsika kwambiri, ndipo makinawo anafalikira m'zipatala za m'maboma. Nayenso mnansi wathu wa kwa Wimbe, William Kamkwamba, atasiya sukulu ndi njala ya 2001 ndi 2002, anapanga makina ake a mphepo ndi fani ya thirakitala, njinga yakutha ndi mitengo ya bulugama, chifukwa anayamba wayeza thumba lake asanayeze zitsulo. Za African Leadership Academy ku Johannesburg ndi Dartmouth College ku America, kumene anamaliza mu 2014, zinabwera pambuyo.

Tsono yendani m'misika ya m'midzi muone mbali inayo. Zigayo zingati zangokhala chifukwa mwini wake anagula injini yotchipa osafunsa ngati masipeyala ake amapezeka? Mapampu angati a sola amene mabungwe anapereka ndi nyimbo ndi magule, lero ali gwa, poti palibe anaganiza zoti alimi azisonkha kangachepe ka tsiku lokonzetsa? Mwini chigayo amawerenga ndalama ya tsikulo n'kumati wapindula, osadziwa kuti mabeling'i akudyeka ndipo kagawo ka ndalamayo si kake, n'ka makinawo. Injini ikagogoda amathamangira katapila.

Sindikukana, mwambi wa bambo uja uli ndi pake. Mnzanga amene anachita uinjiniya wa makina okhaokha amadziwa za injini kuposa ine, ndipo wowerengera ndalama weniweni amandisiya kutali pa nkhani za msonkho. Mukafuna mlatho watsopano pa Bua musabwere kwa ine, mungadzagwere m'madzi. Dziko likufunika akatswiri ozama pa chinthu chimodzi, ndipo amenewo tiwalemekeze. Koma fakitale yaing'ono yoyenga mafuta a mpendadzuwa kapena yokonola mtedza singathe kulemba injiniya, wowerengera ndalama ndi woyang'anira katundu, aliyense ndi ofesi yake. Imafuna munthu mmodzi woti m'mawa amve kuti lamba akulira molakwika, madzulo n'kudziwa ngati botolo la mafuta likugulitsidwa mopindula. Ndipo poti fodya amene watilera ku Kasungu akunyozedwa pa dziko lonse kamba ka nkhani za umoyo, mafakitale ang'onoang'ono oterewa a soya ndi mtedza ndiwo tiyenera kumawaganizira.

Kodi mpaka munthu achite kuwoloka Limpopo kuti aphunzire zimenezi? Ayi ndithu, ndipo ndikanakhala ndi nzeru za lero mwina sindikanawavutitsa abale anga ndi marandi aja. Sukulu ya Polytechnic ku Blantyre yakhala ikuphunzitsa uinjiniya ndi zamalonda pa malo amodzi kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira 2021 dzina lake lenilenilo, Malawi University of Business and Applied Sciences, likutchula zonse ziwiri. Ku Thyolo kuli MUST, ku Bunda kuli LUANAR kumene amaphunzitsa za makina a ulimi. Chimene kunja kunandipatsa n'choti kumeneko palibe amandidziwa, ndiye palibe anachita nane manyazi pondibwezera pepala. Pempho langa kwa aphunzitsi athu ndi lakuti wophunzira uinjiniya asalandire malikisi pa makina amene sanawaikire mtengo ndi wogula, ndipo wophunzira zamalonda asatuluke asanadetseko manja ndi girisi. Inu ophunzira, musadikire kuti silabasi isinthe: mnzanu wa kalasi inayo mumadya naye pamodzi, bwerekanani mabuku.

Nanu amalonda, mwana wa sukulu akabwera pa holide kudzapempha kuti aphunzire ntchito, musamangomutuma kukagula mayunitsi. Mutsegulireni buku la ndalama, mumuonetse ndi injini yomwe. Ine zambiri ndinaziphunzira pamene ndimagula malamba ndi mabeling'i ku Johannesburg n'kumatumiza pa basi kwa eni zigayo a kwathu kuti ndipeze ya lendi, ndipo ulendo woyamba ndinaluza chifukwa ndinaiwala kuwerengera msonkho wa pachipata.

Jeke ija tinaiwotcherera chaka chatha, ndipo sizoni yapitayi yadinda fodya wa mabanja angapo a m'mudzi mwathu. Buku lolembamo mabelo ndi ndalama zobwereketsa amasunga ndi bambo, ine sandilola kuligwira. Anthu akawafunsa za ine, mpaka lero amangoti, "Ameneyo anakaphunzira za majeke."