Ukalamba Suzula Mano

Kwathu ku Petauke anthu ambiri amati, "Munthu akakalamba, mano amatha." Ine sindivomereza. Ambuya anga a ku Nyimba ali ndi zaka zoposa 70, koma nshawa zokazinga amakukuta bwinobwino. Mnzawo wina ndi wamng'ono kwa iwo, koma anatsala ndi mano atatu cabe. Amangodya phala ndi nthoci zakupsa. Ngati ukalamba ndiwo umazula mano, nanga ambuya anga unawasiya bwanji?

Cimene cimazula mano a akuluakulu ambiri ndi matenda a nkhama, amene timati ciseyeye. Tikadya, zotsala za cakudya zimakanirira pamene dzino lakumana ndi nkhama. Tizilombo tosaoneka ndi maso timaswana pamenepo. Nkhama zimafiira, zimatupa ndipo zimatuluka magazi. M'kamwa mumayamba kununkha. Tikalekerera, matendawa amafika pa fupa limene limagwira dzino. Dzino limayamba kugwedera, kenako limaguluka, ngakhale lilibe bowo.

Anzanga ena akaona magazi potsuka mano amati, "Ah, mswaci ukundiceka, basi ndaleka!" Kumeneku ndi kulakwa. Magaziwo akukuuzani kuti pa nkhama pali litsiro. Mukaleka kutsuka, litsirolo limaculuka. Tsukani ndithu, koma mofatsa, ndi mswaci wofewa.

Ena amati, "Ife ndalama ya mswaci tilibe." Zoona, ndalama ndi yovuta. Koma ambuya anga sanakule ndi mswaci wa m'sitolo. Ankathyola kamtengo, n'kukatafuna kumapeto mpaka kafewe, n'kutsukira mano tsiku lililonse. Cofunika ndi kusadumphitsa tsiku.

Tsukani mano kawiri pa tsiku, m'mawa ndi usiku musanagone. Tsukani kwa mphindi 2, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali mwa nkhama. Ngati mankhwala otsukira mano alipo, ikani pang'ono cabe. Musabwerekane mswaci. Cepetsani masiwiti ndi zakumwa za shuga.

Magazi akapitiriza kutuluka, kapena dzino lacikulire likayamba kugwedera, uzani makolo. Akutengereni ku kiliniki ya pafupi kapena ku cipatala, monga ca Nyimba, ca Petauke kapena ca Minga. Litsiro likauma n'kulimba ngati mwala, mswaci sungalicotse. Amacotsa ndi anchito a zamano okha.

Mano a ubwana amakhala 20. Amaguluka ndipo ena amamera. Mano acikulire amakwana 32, ndipo amayamba kumera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6. Amenewa akaguluka, samameranso. Ndiye kuti mano ena amene muli nawo lero ndi omwewo amene mudzadyera nshawa mukadzakhala ambuya. Asamaleni kuyambira usiku uno.